Bedi la a Jameson

Fanwell Njobvu anali munthu wa zitsulo. M'Kalingalinga monse, ukafuna geti, zitsulo za m'mawindo kapena bedi lachitsulo losalira munthu akatembenuka, anthu ankakulozera pamalo pake, m'mbali mwa msewu waukulu pomwe owotcherera amayala katundu wawo. Anabadwira m'komboni momwemo n'kukuliramo, ndipo khasu analigwirapo kamodzi kokha, kusukulu, tsiku limene anapatsidwa chilango. Zimenezi sankachita nazo manyazi. Ankati dothi n'la anthu amene alibe luso lina.

Mkazi wake, Marjory, anali mwana wa ku Katete, wokulira m'dimba la amayi ake. Atangomaliza kumanga nyumba yawo, Marjory anapempha kamalo kuseri koti azifesapo mpiru. Fanwell anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Kuno ni ku Lusaka, amake Gloria," anatero. "Ndiyo tigula pa market. Munda unausiya kwanu."

Sabata yomweyo anathira simenti bwalo lonse, kuyambira pageti mpaka kuchimbudzi, kuti apeze poika zitsulo zake. Marjory sanaibwerezenso nkhaniyo. Fanwell anayesa kuti yatha, poti amuna ambiri amaganiza kuti mkazi akakhala chete ndiye kuti wavomera. Zaka zinapita. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Gloria, anakula n'kupita ku Kabwe kukaphunzira unamwino, ndipo m'nyumbamo munatsala anthu awiri ndi wailesi.

Kenaka kuseri kwa mpanda wawo kunasamukira a Jameson. Anali bambo woferedwa mkazi, wowonda, wa chipewa chaudzu chong'ambika, amene anathera zaka makumi atatu akusamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga. Ukawaona sukanaganiza kuti angasowetse mwamuna mnzawo mtendere. Koma chisanathe chaka, bwalo lawo, lomwe kale linali la mabotolo osweka ndi mapulasitiki, linabiriwira. Munali repu, tchainizi, anyezi, ndi maluwa amitundumitundu m'mphepete mwa khoma. Azimayi opita kukatunga madzi ankaima pageti n'kumasuzumira. Marjory yekha sankathera posuzumira, ankalowa.

Poyamba Fanwell sanasamale. Ndiwo zinayamba kukoma pakhomopo, ndipo iye anali munthu wokonda kudya. Chimene chinamuyamba ndi mawu.

"Ba Jameson bali na kwanja, mwandi," Marjory anatero tsiku lina akupakula. "Chili chonse chamene bagwila chimamela."

Anatero kamodzi, anatero kawiri. Kachitatu Fanwell anamva repu akumukakamira pakhosi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ali pabanja, manja akupsa ndi zitsulo zamoto, maso akufiira tsiku ndi tsiku, sanamvepo mkazi wake akutamanda dzanja lake. Ndiye tsiku lina pobwera kuntchito anapeza maluwa achikasu ali m'botolo lamadzi pamwamba pa kabati.

"Kwafa ndani?" anafunsa.

"Kulibe wamene wafa. Banipasa ba Jameson. Si yabwino?"

Fanwell ankadziwa malo awiri okha kumene maluwa amapita: kumanda, ndi kwa mkazi amene mwamuna akumufuna. Marjory anali wamoyo, wathanzi, akumwetulira. Fanwell anakhala pampando n'kuyatsa wailesi, koma sanamve n'chimodzi chomwe chimene inkanena.

Lachinayi lina mu Januwale magetsi anathima dzuwa lili paliwombo. Wowotcherera akapanda magetsi amangokhala ngati mlendo pantchito yake, choncho Fanwell anatsekera zida n'kubwerera kunyumba. Marjory kunalibe. Iye anapita kuseri kukasankha zitsulo, pafupi ndi khoma logawana ndi a Jameson, ndipo poti makina ndi mawailesi onse m'komboni anali zii, mawu a kuseri kwa khomalo anamveka bwino lomwe.

"Manje tizayamba liti, ba Jameson?" Anali mawu a Marjory. "Ine nalema kulindila."

"Osathamanga, amake Gloria. Mu mvula muno sivingachitike. Tikayamba manje, vonse vizaonongeka. Lekani mvula ichepe."

"Mpaka liti?"

"Youth Day. Ine chaka chili chonse ni pa Youth Day. Bedi nizakonzelatu, inkhale yofewa bwino. Imwe mubwele chabe kuseni, zuba ikalibe kukalipa."

Marjory anaseka kaseko kamene Fanwell anali atakaiwala.

"Nanga ba tate ba Gloria mwabauza?" a Jameson anafunsa.

"Aa, baja sibamvela munthu. Bazaziba vikakula."

Tsopano, aliyense amene anapondapo m'dimba amadziwa kuti kamalo kofesapo mbewu, kokwezedwa pang'ono, kothiridwa manyowa n'kusalazidwa bwino, alimi amakatcha bedi. Mwana wa ku Katete wa zaka zisanu akanamva kuti anthu awiriwo akukamba za nazale. Akanadziwanso kuti timbewu ta repu ndi anyezi satifesa mvula ili pachimake, chifukwa madontho amatikwirira kapena kutikokolola, ndipo tomwe tamera timaola m'tsinde. Koma mabedi onse amene Fanwell ankawadziwa anali a miyendo inayi, ndipo ambiri mwa iwo anawapanga yekha. Anakhala pansi pamulu wa zitsulo.

Munthu wanzeru akanadikira kuti mkazi wake abwere n'kumufunsa. Funso lake n'lalifupi, silifuna ngakhale mpando. Fanwell sanafunse. Ankadziuza kuti wakuba samufunsa, amamugwira, koma zoona zake n'zakuti ankaopa yankho. Marjory ankamukonda, m'njira yake youma ija, ndipo kuganiza kuti angamulande ndi nkhalamba ya chipewa chong'ambika kunkamuwotcha m'chifuwa kuposa chitsulo chilichonse chimene chinamupsereza m'manja. Anaganiza zodikira tsikulo, awapeze ali pamodzi, pali mboni.

Kuyambira pamenepo anayamba kukonda mvula. Owotcherera onse amadana nayo, chifukwa imachititsa dzimbiri ndipo mawaya akanyowa amaluma. Koma Fanwell, mitambo ikada, nkhope yake inkawala. Anzake akamadandaula atabisala pansi pa malata, iye ankati, "Ilekeni ilokwe." Anzakewo anayamba kunong'onezana kuti utsi wa zitsulo wamulowa m'mutu. Tsiku lililonse lokhala ndi dzuwa linkamudwalitsa, poti linkamukumbutsa kuti Malichi, mwezi wa Youth Day, akubwera.

Mu Febuluwale anaimika mgolo wakale pafupi ndi khoma kuti azikwerapo n'kusuzumira. Nsanje ndi yoipa, imamuchepetsa munthu. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, wolemekezeka pamsewu wonse, ankanyonyomala pamgolo ngati mphaka. Zimene ankaona zinkangothira mafuta pamoto. Tsiku lina a Jameson analowa ndi wilibala yodzaza matumba ofutukuka. Anali manyowa a nkhuku, koma Fanwell anati ndi thonje la matiresi. Tsiku lina anabwera ndi mitolo ya udzu wouma. Kenaka anabwera ndi mphanda zinayi zamitengo, zofanana kutalika, n'kupita nazo kuseri kwa nyumba yawo kumene mgolo sunkaonetsa.

"Miyendo," Fanwell ananong'ona.

Apa ndiye panamupweteka kawiri. Kulandidwa mkazi n'kwina, koma kulandidwira pabedi la mphanda ndi udzu, iwe uli mmisiri wa mabedi! M'chipinda mwawo munali bedi limene analipanga ndi chitsulo chokhuthala, lamaluwa opinda kumutu, lopaka utoto wagolide, loti makasitomala atatu analipempha iye n'kukana. Ndiye mkazi angasiye limenelo n'kuthamangira zisa za nkhuku? Tsiku limenelo anawotcherera geti la munthu chadodolido, n'kulidulanso.

Madzulo ena akudya anaganiza zomuyesa.

"Pa Youth Day uli na program?" anafunsa, maso ali m'mbale.

"Nizankhala chabe kwa ba Jameson kuseni," Marjory anayankha mosavutika. Kenaka anaika mbamu pansi. "Ndiye vamene nenze kufuna kumuuzani, ba tate ba Gloria. Kuli chinthu chamene nakhala nifuna kuchokela kudala..."

"Nalema," Fanwell anamudula. Anadzuka n'kukweza wailesi. Sankafuna kumva mawuwo akutuluka m'kamwa mwa mkazi wake, ndipo anazizwa kuti munthu wa Chigwirizano, wotsogolera nyimbo za amayi kutchalitchi, wafika pouma m'maso chonchi. Marjory anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatola mbale n'kupita nazo panja.

Patapita masiku angapo, Marjory ali kumsika, Fanwell anatsegula sutikesi yake. Ankafuna kalata, kapena mphatso, chilichonse chimene akanaonetsa ankhoswe. Pansi pa yunifomu ya Chigwirizano anapeza kapepala kanyuzi kopindidwa, komangidwa ndi ulusi wakuda. Atakamasula anaona tinthu ting'onoting'ono, tozungulira, takuda. Anatinunkhiza. Anatipukusa m'dzanja. Palibe chinalembedwa, palibe chithunzi.

Mankhwala! Basi zonse zinamveka. Ndiye chifukwa chake mkazi wake wasokonezeka mutu, nkhalamba ija yamudyetsa. Mwinanso tina amathira m'ndiwo kuti mwamuna apuse, asaone kanthu. Anakaika kapepalako m'thumba, ndipo atafika kuntchito anatikhuthulira pachitsulo n'kuyatsa moto wake wabuluu. Tinathetheka pang'ono, tinanunkha ngati mtedza wopserera, n'kutha.

Sabata imeneyo anaona Marjory akukhuthula sutikesi, akukutumula zovala chimodzichimodzi, akugwada kusuzumira pansi pa bedi. Maso ake anali ofiira.

"Simunaoneko kapepala komanga na kotoni yakuda?" anafunsa.

"Ine sinigwila vinthu va bakazi," Fanwell anayankha, natuluka. Anayenda mpaka kumsewu akumva kukoma kwa munthu amene wapambana.

Mvula inayamba kudukiza kumayambiriro kwa Malichi. Inkagwa lero, n'kupuma masiku atatu. Fanwell anapita kwa a Webster, mkulu wa mpingo amene anali nkhoswe yake, n'kuwapempha kuti pa 12, tsiku la Youth Day, adzabwere m'mawa. Anaimbiranso a Belinda, akulu ake a Marjory a ku Mtendere, amene ankaimira kuchikazi. Onse awiri anangowauza kuti pali nkhani yoti adzaone ndi maso.

Tsikulo linacha lopanda mtambo. Kutali kunkamveka ng'oma za ana asukulu akukonzekera kuguba. Fanwell anavala ovolosi yake, anatsanzika ngati akupita kuntchito, n'kukadikira alendo ake pasiteji ya mabasi. Atafika, anawafotokozera zonse ali chiimire: maluwa, bedi, mphanda zinayi, tsiku lopangana.

A Belinda anangoti kukamwa yasa. A Webster anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Koma mwana wanga," anatero, "mkazi wako wamufunsa?"

"Kawalala sibamufunsa, ba tate."

"Safunsa anadya phula, Fanwell. Tiye tikankhale pansi kunyumba kwako, timuitane, tikambe monga banthu."

"Tikachedwa tizapeza vasila," Fanwell anatero, ali kale patsogolo.

Anali atakonza zolowa mwakachetechete. Koma atafika pageti la a Jameson n'kuona nsapato za Marjory zili pakhonde, zitavulidwa bwinobwino, miyezi iwiri ya nsanje inamukwera kumutu nthawi imodzi.

"Jameson!" anakuwa. "Choka panja, nkhalamba yopanda nsoni! Nipase mukazi wanga!"

M'komboni mawu otere safuna kubwereza, makamaka tsiku la tchuthi. Azimayi anasiya zochapa. Amuna anatuluka ndi misuwachi kukamwa. Pofika nthawi imene Fanwell amakankha geti ndi phazi, kumbuyo kwake kunali khamu, ndipo ena anali atakwera kale pakhoma. Anathamangira m'nyumba. Munalibe munthu, munali kabedi kamodzi kopapatiza koyalidwa bwino. Anatuluka n'kuzungulira kuseri, a Webster akumutsatira ndi wefuwefu.

Kuseriko anapeza mphanda zinayi zija zitazikidwa pansi, pamwamba pake atayala udzu kuti pakhale mthunzi. Pansi pa mthunziwo panali dothi lakuda, lofewa, losalazidwa bwino. A Jameson anali chinyonyomalire ndi kamtengo m'manja, akulemba timizere padothipo. Marjory anali mbali inayo, wopanda nsapato, chitenje atamanga m'chiuno, akuwaza timbewu m'mizeremo ndi zala ziwiri. Onse awiri anali atatukula mitu, akumuyang'ana.

"Bedi ili kuti?" Fanwell anafunsa. "N'namvela na matu yanga! Bedi yamene munapangana ili kuti?"

A Jameson anayang'ana Fanwell, anayang'ana khamu, kenaka analoza pansi ndi kamtengo kaja.

"Ni iyi, ba neighbour. Uku ni rape, uku anyezi. Kumapeto uko tizaika maluba. Chonde musapondepo."

Kenaka mayi wina pakhoma anaphulika ndi phwete, ndipo bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Anyamata ankagwirana mapewa. Wina anakuwa kuti, "Ba welder, iyi bedi ilibe spring!" Ngakhale a Webster anabisa pakamwa ndi chipewa. Fanwell anamva manyazi akumutentha m'makutu, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chachikulu. Marjory sanamulakwire. Mkazi wake anali wake. Akanakhala ndi nzeru akanaseka nawo, n'kupepesa, mwina zikanathera pomwepo. Koma munthu akagwa pagulu amafuna chogwira.

"Nanga mankhwala?" anakuwa. "Mankhwala yamene n'napeza mu suitcase, mu kapepala? Mukambe! Mwamwayi n'nayaocha yonse!"

Marjory anaimirira pang'onopang'ono.

"Munaocha?" anafunsa motsitsa.

"Na moto wa welding. Palibe chinasala."

A Belinda anagwira kumutu. "Mayo ine! Marjory, si mbeu ya amai ija?"

Chiseko chinazima. Amayi a Marjory anali atamwalira mu Ogasiti chaka chapitacho. Fanwell anapita ku Katete tsiku loika maliro n'kubwerera madzulo omwewo, poti anali ndi geti la munthu loti amalize. Sanaone mkazi wake akutsika kudimba la malemuwo, sanamuone akutapa timbewu ta mpiru m'chikho chimene amayiwo ankasungiramo chaka ndi chaka. Dimbalo tsopano linali la anthu ena. Mpiru umenewo sugulitsidwa m'sitolo iliyonse.

Marjory sanalire. Anapukuta manja pachitenje, namuyang'ana mwamuna wake m'maso.

"Zaka twenty-two, ba tate ba Gloria," anatero. "Mwaitana komboni yonse kuti ibwele ione uhule wanga. Mwaitana ba Webster, mwaitana ba sisi. Koma ine, wamene munkhala naye nyumba imozi, kunifunsa chabe vinamukangani."

"Amake Gloria, ine n'naganiza..."

"N'napempha kamalo, munathila cement. N'nafuna kumuuzani, munakweza radio." Anatembenukira kwa a Jameson. "Ba Jameson, munikhululukile pa nsoni izi. Vinikilani mizele yasala. Nizabwela mailo kuthilila."

Anatenga nsapato zake pakhonde, analowa kwawo, ndipo patapita mphindi zochepa anatuluka ndi sutikesi ija. A Belinda anamulandira n'kuisenza. Khamu linapatuka lokha kuwapatsa njira ya ku Mtendere.

Fanwell anadziuza kuti ndi mkwiyo wa sabata imodzi. M'mawa mwake, akumwa tiyi wopanda chodyera, anamva geti la a Jameson likulira, kenaka mawu a Marjory akupereka moni. Anadumpha, nakonza kolala, nadikira kuti akamaliza kumeneko agogode. Anamva madzi akuwazidwa. Anamva akukambirana zoti udzu wa pamthunzi adzayambe kuuchepetsa mbewu zikamera. Kenaka geti linaliranso, ndipo mapazi anadutsa pakhomo pake osaima.

Zinatero tsiku lililonse. Mbande sizidziwa kuti kunyumba kuli mlandu, zimafuna madzi basi. Marjory ankayenda kuchokera ku Mtendere m'mawa uliwonse, n'kudutsa geti limene mwamuna wake analipanga, n'kulowa lotsatira. Fanwell anabwerera pamgolo wake. Kuseri sankaonako, koma pakutha pa milungu isanu anaona awiriwo akuwokera mbande kubwalo lakumaso, Marjory ali patsogolo ndi kamtengo kobowolera, akulangiza a Jameson za katalikirana kwa mapando, akuseka.

Nsanje yoyamba ija inali ya bodza, ndipo inazimiririka tsiku lomwe anaona bedi lija. Iyi inali ya zoona. A Jameson sanamugwirepo Marjory ngakhale chala, koma ankadziwa chimene chimamuseketsa, ankadziwa dzina la mudzi wa amayi ake, ankamumvera akamalankhula. Mlandu wotere ulibe ankhoswe. A Webster anapita ku Mtendere kawiri, ndipo maulendo onse awiri anabwera ndi yankho limodzi, lakuti amake Gloria akuganizabe.

Epulo yense Fanwell anathera podikira. Mu Meyi anatenga nyundo yaikulu n'kuyamba kuswa simenti kumaso kwa nyumba, pamalo poonekera munthu akaima pageti. Simentiyo anaithira yekha, ndipo anaithira mwaluso, choncho inamutengera milungu itatu ndi matuza m'manja monse. Pansi pake anapeza dothi lotuwa, louma gwa. Analitipula mmene akanathera. Kenaka anapita m'tauni kusitolo ya mbewu. Mtsikana wogulitsa anamufunsa kuti akufuna kufesa liti, koma iye anangoloza mapaketi a zithunzi zokongola: tomato wamkulu wofiira kuposa aliyense wa a Jameson, ndi maluwa ofiira. A Jameson anali panja tsiku limene ankafesa, ndipo anamupatsa moni pamwamba pa khoma. Fanwell anayankha moniwo n'kuwafulatira. Angafe, koma nkhalamba imeneyo sangaifunse kanthu.

Unali mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake. M'mawa madzi a m'ndowa ankaluma zala, ndipo anthu ankayenda atapinda mapewa. Fanwell ankathirira kawiri patsiku. Sabata inatha, dothi lili chete. Yachiwiri inatha. Pa yachitatu panatuluka timbande tisanu ndi tiwiri, tofiirira m'tsinde, topinda masamba, tosafuna kukula. Ankatiyang'ana m'mawa uliwonse, geti atalisiya chitsegukire.

Marjory anadutsa kangapo osacheuka. Koma Loweruka lina, akuchokera kwa a Jameson ndi mtolo wa repu pamutu, anaima. Anali atavala juzi imene Fanwell sanaidziwe. Anayang'ana mulu wa simenti yoswedwa, anayang'ana matuza m'manja mwa mwamuna wake, kenaka anayang'ana timbande tija kwa nthawi yaitali. Pageti sanalowe.

"Ni chani ichi?" anafunsa.

"Tomato," Fanwell anayankha, ndowa ili m'manja. "Na maluba. Maluba yakalibe kumela."

"Tomato mu June?" Marjory anapukusa mutu pang'ono, mosamala kuti mtolo usagwe. "Na mphepo iyi? Siizakula. Tomato ifuna kufunda. Apa mukanaika rape, olo cabbage."

Sananene mokalipa, ndipo zimenezo zinamupweteka Fanwell kuposa kukalipa. Anaika ndowa pansi.

"Manje... nifese liti?"

Marjory anamuyang'ana ngati munthu amene wamva chilankhulo chachilendo.

"August," anayankha. "Mphepo ikasila. Muike manyowa pakali pano, yaole. Osaikilila pansi maningi, mbeu ni yaing'ono."

"August," Fanwell anabwereza. "Nanga iwe, amake Gloria? Uzabwela liti?"

Mkaziyo anakonza mtolo pamutu. Maso ake anapita pakhomo la nyumba imene anakhalamo zaka zonsezo, nabwerera kwa mwamuna wake.

"Tomato ni August, ba tate ba Gloria," anatero. "Iyo inangu nthawi, na ine siniiziba."

Anatembenuka n'kulowera njira ya ku Mtendere. Fanwell anaima pageti mpaka mtolo wa repu unazimirira pakona. Kenaka anabwerera, anatola ndowa, n'kuthirira timbande tisanu ndi tiwiri tija, ngakhale anali atauzidwa kale kuti sitidzakula.